Simu ya pa reji yanga

Mpaka lero foni ikalira ndili m'kalasi, ndimadzidzimuka ngati ndaponda njoka. Ana amaseka, ati amadamu amaopa foni. Asiyeni aseke, sadziwa.

Kwathu ndi ku Vubwi. Mlongo wanga wamkulu anakulira kwa amalume tsidya la Mozambiki, choncho reji, chitupa cha unzika cha kuno ku Zambia, analibe. Boma litalamula kuti simu iliyonse ikhale ndi dzina la mwini wake, ndinangotenga reji yanga n'kumulembetsera. Kumalire tonse tinkatero. Chibale ndi fupa, sichiola, nanga kapepala n'chiyani?

Ine ndinkaphunzitsa ku Katete, amayi ndikukhala nawo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, achimwenewo ankakwera pachulu pomwe netiweki ya Zambia imafika, n'kuimba. Amayi ankaikanikiza foni kukhutu, kukuwa ngati akuitana munthu kudimba. Sabata yonse ankadikira zimenezo.

Tsiku lina ahedi anandiitanitsa. Mu ofesi munali amuna awiri a ku boma, aulemu bwino, mpaka kundipatsa mpando. Anafunsa chifukwa chake nambala ya dzina langa imaimba kumpoto kwa Mozambiki, kumene zigawenga zikupha anthu. Ndinafotokoza kuti foniyo ili ndi mlongo wanga, amaoda nsomba zouma kwa amalonda a kumeneko. Mmodzi anamwetulira.

"Ndi amene munakangana nawo za mbuzi ya amayi aja?"

Mayo ine! Nkhani ya mbuzi tinakamba pafoni, awiriwiri. Ndinamva ngati andipeza ndikusamba.

Kunyumba ndinafika ndikuyaka moto. Amuna anga, amene ndi mkulu wa mpingo, anamvetsera, kenaka akuti, "Mayi, kumeneko anthu akudulidwa makosi. Ngati kumvetsera kungapulumutse mudzi umodzi, amvetsere. Wosalakwa aopanji?"

"Ndiye aitaneni adzayale mphasa kuchipinda kwathu, bambo, poti sitinalakwe! Mbuzi ya amayi yapha ndani?"

"Nanga akanadziwa bwanji kuti ndi mbuzi chabe asanamve?"

Funso limenelo linandipsetsa mtima kuposa poyamba. Tinakangana sabata yathunthu, podya, popita kudimba, ngakhale panjira ya kutchalitchi. Zigawengazo inenso ndimadana nazo. Koma tulo ndinalibe. Foni ikachita phokoso pang'ono, ndimati ndi iwowo. Ahedi akandiyang'ana, ndimati ntchito yatha. Ndinayamba kunong'ona m'khitchini mwanga momwe.

Lamulungu lotsatira foni italira, ndinathamangira nayo kuseri kwa nkhokwe amayi asanamve.

"Achimwene, simu ija muitaye. Ndipo musandiimbirenso, ngakhale pa nambala ina, mpaka ndidzakuuzeni."

"Ndalakwanji, mlongo?"

Ndikanafotokoza bwanji, anthu ali kukhutu? Ndinangoti, "Mwamva zimene ndanena." Iwo anangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Sanayambe wanditchulapo choncho. Mawa lake ndinakatseketsa nambalayo.

Maganizo anga anali oti sukulu ikatsekera ndikwere njinga yamoto, ndikamufotokozere pamaso. Amayi ankafunsa Lamulungu lililonse, "Sanaimbe?" Ine n'kumanama kuti netiweki yavuta ndi mvula. Anayamba kukhala pakhonde foni ili pamiyendo, akuipukuta ndi chitenje.

Sukulu isanatsekere, amayi anagwa akuchokera kubafa. Anagona masiku anayi m'chipatala, pakamwa patapotoka, koma dzina la mwana wawo wamwamuna ankalitchula bwinobwino. Ndinaimba nambala ija ngati wamisala, nambala yotseketsa ndekha. Tinatuma munthu, koma mitsinje inali itadzaza. Uthenga unafika mochedwa, ndipo achimwene anapeza amayi titawaika kale m'manda dzana lake.

Ndinawaperekeza kumanda. Ndinawauza zonse, za amuna awiri aja, za mbuzi, za mantha anga. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane kumene. Iwo anangofunsa, "Anabweranso anthuwo?"

Sanabwerenso. Sanandiopseze, sanandiletse kanthu. Anafunsa, analemba, anapita. Zotsalazo ndinachita ndekha.

Achimwene anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kopindapinda. M'kati munali simu ija.

"Sindinaitaye," anatero. "Lamulungu lililonse ndimakwerabe pachulu paja, kuti mwina mwaitsegulitsa. Tengani, ndi ya dzina lanu."