Mayi Wodyetsa Mtsinje

Aneba anga ku Limbuli, mayi amene anapuma pantchito yothyola tiyi, satentha masamba akasesa pakhomo. Amawasenza m'dengu n'kukakhuthula m'kamtsinje ka kuseri kwathu.

"Mtsinje umadya masamba," amatero. "Titadula mitengo kuti tilime chimanga, madzi anafiira, nkhanu zinathawa njala."

Mibawa imene anabzala m'mbali mwa madziwo yakula tsopano. Mwezi watha mkamwini wawo anabwera ndi nkhwangwa, akufuna nkhuni zootchera njerwa. Mayiwo sanakangane naye. Anangoti, "Bambo, tapisani kaye dzanja m'masamba owola ali m'madziwo."

Mkamwiniyo anapisa, n'kukuwa. Nkhanu inali lende pachala.

"Eniake abwerera," anatero mayiwo akuseka. "Apempheni nokha."

Mibawa ija ikadali chiimire.