Diso lakumanzere la Ambrose Tierney

Ambrose Tierney ankasenza matumba a tirigu padoko la Melbourne, koma anthu ankamudziwira mpira wa Loweruka, mpira wa kumeneko wololedwa kugwira ndi manja. Mpira ukakwera m'mwamba, iye ankaponda pamsana pa munthu ngati makwerero, n'kuuwakha ndi manja awiri, khamu lonse lili m'matope likukuwa dzina lake.

Tsiku lina chigongono cha wosewera wa timu ina chinamupeza padiso lakumanzere. Chotupa chinaphwa, koma m'disomo munatsala chifunga chimene chinkangokulirakulira. Sanauze munthu. Ankaopa akomiti a timu, ankaopanso kapitawo wa padoko, amene sakanalola wa diso limodzi kudutsa pansi pa zingwe zokwezera katundu.

Mkazi wake, Honora, anatulukira za disolo mmawa wina ataona mwamunayo akuthira tiyi patebulo, kapu ili pambali. Anapukuta mwakachetechete, kenaka anamuchonderera kuti akaonane ndi dokotala. Ambrose anakana, ati dokotala wa m'dera lawo amamwera limodzi ndi akomitiwo.

Lachinayi likafika, tsiku losankha osewera, Ambrose ankaopa kuti amusiya. Dzina lake likatuluka, mantha ankangosamukira ku Loweruka. M'bwalo ankapendeketsa mutu, anzake n'kumamuseka kuti wasanduka nkhuku yoona kabawi.

Loweruka lina lamvula analumpha, manja n'kugwira mphepo. Anagwera mnzake wa timu yomweyo, Dinny Corcoran, amene anali kumanzere kwake ndipo iye sanamuone n'komwe, ndipo phewa la Dinny linathyoka. Wina m'khamu anakuwa kuti Tierney waiwala maso kunyumba, anthu n'kuseka.

Mawa lake Ambrose anapita kukazonda Dinny. Anaima pakhomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Dinny ankadyetsa banja ndi ngolo ya hatchi, ndipo tsopano mkono unali m'nsalu.

"Dinny, diso ili linafa kale," anatero atalowa.

"Timadziwa, aphwanga. Umayesa mpira umangobwera wokha kudzanja lako lamanja? Timachita kukuponyera kumeneko."

Ambrose anakhala pansi. Anafunsa ngati akomiti nawonso ankadziwa, Dinny n'kuyankha kuti amenewo saona kanthu ngakhale ali ndi maso awiri.

Sabata yomweyo anasiya mpira, anasiyanso padoko, n'kutenga zingwe za hatchi ya Dinny kuti ana a mnzakeyo asagone ndi njala. Phewa lija linapola mokhota, ndipo Dinny sanasewerenso. Awiriwo anakalamba pa ngolo imodzi, Dinny atakhala kumanzere, akumuuza tiramu, sitima ya mumsewu, ikamabwera mbali imeneyo.