Tebulo la Amalawi Ndi Liti?

Loweruka lapitali ndinachita manyazi m'holo ina ku Lewisham, kuno ku London, ndipo wondichititsa anali mlendo amene ndinamuitana ndekha.

Komiti inandipatsa ntchito yokonza pokhala pa phwando lathu la 6 Julaye. Paja chichitikireni chisankho cha 1994, tikangokumana sitichedwa kukokana. Ndiye ndinati ndichenjere: akumpoto tebulo lawo, apakati lawo, ife akummwera lathu. Ndinamata ndi timapepala tomwe.

Vuto linali limodzi. Ine kwathu ndi ku Mulanje, amuna anga a Nyirenda ndi a ku Rumphi. Anawerenga kapepala, nandiyang'ana, n'kukakhala kutali uko. Ndinaona kuti zawapweteka, koma ndinadzitanganitsa ndi mbale.

Kenaka anatulukira Josiane, namwino mnzanga wa ku chilumba cha Mauritius. Kumuona mungati ndi wa ku Nsanje. Mwamuna wake ndi mmwenye, mlamu wawo Mtchaina, onse akucheza m'Chikiliyo, chilankhulo cha kwawo.

Tsiku limene tinadziwana kuwodi ndinamufunsa mwachikwathu: mudzi wanu ndi uti, nanga ndinu mtundu wanji? Anaseka mpaka misozi. Akuti pachilumbapo palibe anganene kuti ndiye mwini nthaka. Afalansa anabweretsa akapolo, Angerezi anabweretsa amwenye odzadula nzimbe, Atchaina anadzatsegula magolosale. Sanandibisire, nawonso amanyozana ikafika nthawi ya mavoti. Koma ukawafunsa kuno, yankho ndi limodzi: a ku Mauritius.

Josiane anazungulira matebulo akuwerenga timapepala tanga, n'kubwerera.

"Tsono tebulo la Amalawi ndi liti? Ife timafuna tikhale pamenepo."

Inu mukadayankha chiyani? Malire a zigawo zitatuzi anatilembera ndi atsamunda, koma ife tawapinda bwinobwino m'sutikesi mpaka kufika nawo ku London, kumene woyendetsa basi sadziwa ngakhale kumene kuli Malawi.

Ndili chiimire, ndinaona a Nyirenda akubwera atanyamula mpando pamutu.

"Mayi a Tawonga, viza yolowera kummwera mukudulitsa kuti? Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nanu ndilibe mapepala."

Anthu anaseka, koma ine misozi inalengeza. Iwo anaika mpandowo pambali pa wanga, nakodola Josiane ndi anthu ake.

"Tebulo mukufunalo ndi ili. Khalani."

Timapepala tija ndinamatula ndekha. Nanga inu, tanu mumatula liti?