Kusamutsa Che Bwanali ndi Galimoto Yawo Yofiira

Tinanyamuka ku Nsanama 8 koloko m'mawa, titatopa kale ndi kukangana. Apongozi anga, Che Bwanali, anali atavomera kudzakhala nafe ku Balaka akazi awo atamwalira, koma anati sachoka popanda galimoto yawo yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni ali mnyamata. Ife tinali titabwera pa yathu yamakono, ya zitseko zinayi, yozizira mkati.

"Ababa, kwerani yathuyi, miyendo yanu yatupa," anatero mkazi wanga Patuma.

"Iyayi. Ndinalowa m'mudzi muno pa iyi, ndituluka pa iyi. Akamwini, gwirani chiwongolero."

Patuma anatenga yathu, atalongeza matilesi, mabulangete ndi nkhuku zitatu. Ine ndinalowa mu yofiirayo. Mpando wake uli pansi penipeni, moti mawondo anafika pachifuwa. Chiwongolero chinali cholimba ngati chitseko cha nkhokwe, injini ikulira ngati chigayo. Pa bampu iliyonse mimba ya galimoto inkakhula pansi, Che Bwanali n'kumandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Pagalasi ndinkamuona Patuma kumbuyo, mawindo atatseka, akudya mtedza.

Koma tisanamizane, pamene msewu unawongoka, akuluwo anandigunda pabondo. "Pondani tsopano." Ndinaponda. Galimoto inadumpha, mphepo inandimenya kumaso, mitengo inayamba kuthawira kumbuyo. Yathu ija singachite zimenezo. Imayenda mwaulemu ngati kalaliki wa kuboma. Che Bwanali anagwira chisoti chawo ndi dzanja limodzi, akuseka. Chichitikireni maliro ndinali ndisanawamve akuseka.

Cha m'ma 10 koloko tikulowa pa Liwonde, nthunzi inayamba kutuluka kutsogolo. Tinaima pafupi ndi msika kuti injini izizire. Patuma anagula chipisi cha K3,000 ndi madzi, ena akumwa, ena othira mu galimoto. Wakabaza wina anaizungulira kawiri.

"Achimwene, denga lake anaba ndani?"

"Inabadwa choncho," ndinatero.

"Nanga mvula ikagwa?"

"Timanyowa," anayankha Che Bwanali, osamuyang'ana.

Tinadikira pamenepo ola lathunthu ndi theka. Pamene tinkawoloka mlatho wa Shire, dzuwa linali paliwombo, ndipo tinalibe pobisala. Mipando inatentha. Thukuta linkalowa m'maso. Akuluwo anasiya kundilangiza za magiya, kenako anasiya kuyankhula. Titayandikira mphambano ya ku Mangochi ndinaona mutu wawo utapendekera, pakamwa pali yasa, akupuma mwabefu. Ndinaima pambali msangamsanga.

Patuma anabwera akuthamanga. Kuwatulutsa m'kampando kaja kunafuna tonse awiri, wina m'khwapa, wina kumiyendo. Sanakane. Tinawagoneka pampando wakumbuyo wa yathu, titasuntha mabulangete, mphepo yozizira ikuwawomba. Patuma anawapukuta kumaso ndi nsalu yonyowa.

"Ababa, mukundimva?"

Anamwa madzi pang'ono, n'kuyang'ana denga. "Iyi si galimoto," anatero motsitsa. "Ichi ndi chipatala." Posakhalitsa anagona.

Mtunda wotsala ndinayenda ndekha mu yofiirayo, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana kansingano kosonyeza kutentha kwa injini. M'midzi ya kwa Nsamala anthu ankaimika makasu n'kumandiyang'ana ngati bwana. Akanadziwa mmene msana unkawawira. Ndinaimanso kawiri kuthira madzi, Patuma akundidikira kutsogolo pamthunzi wa mtengo, injini yake osadandaula n'kamodzi komwe.

Tinafika ku Balaka 2 koloko itadutsa, ulendo womwe minibasi yoima paliponse imatha usanamve njala. Nkhope yanga inali itapsa, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Che Bwanali anatsika okha, atagwira chitseko. Ndinawapatsa kiyi wa galimoto yawo. Anamutembenuza m'manja kanthawi, kenako anandibwezera.

"Sungani inuyo, akamwini. Ine ndafika."

Patuma anawagwira mkono n'kulowa nawo m'nyumba. Mukandifunsa galimoto yoyendera ulendo, nditchula yathu, ndipo msana wanga ungachitire umboni. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti munthu wamkulu sumulanda chinthu chake, ngakhale chikumupweteka. Umangoyenda naye mpaka achitule yekha. Ndinakhala pakhonde kiyi ali m'manja, ndilibe mphamvu ngakhale yovula nsapato.