Makwinya a Zuleka

Ku Senga Bay mukafunsa za telala, akulozerani khonde la mai Hasina. Mukafunsa za munthu wokalambitsa ana a eni, akulozerani khonde lomwelo. Mayiwa akhala akuveka gulu la zisudzo la kumeneko zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zodzichepetsa alibe nazo ntchito. "Ndipatseni mwana m'mawa," amatero, "masana mumupatsa moni mutagwada."

Zipangizo zawo n'zoseketsa: makala opera, ufa wa kondowole, Vaselini ndi nthenga ya nkhuku. Aphunzitsi a Augustine, otsogolera gululi, atangofika kumene kuchokera ku Dedza anagula paudala wa m'sitolo. Koma dzuwa la ku Salima, abale! Sewero lisanafike pakati, agogo onse a m'seweromo anali atasungunuka, nkhope zili mizeremizere ngati khoma lodontha. Chiyambire tsiku limenelo, aphunzitsiwo salowereranso.

Mai Hasina sapeka makwinya a m'mutu mwawo ayi. Amamuuza munthu kuti akwinye nkhope, kenako aseke, iwo n'kumatsata ndi nthenga momwe khungu lapindikira. Malaya atsopano amawaviika mu tiyi, n'kuwayanika pathandala la usipa kuti aoneke ogwira ntchito.

Chaka chatha Zuleka, mtsikana amene zisudzo zinamulowa m'magazi, anasankhidwa kuti akhale nkhalamba m'sewero. Bambo ake, Che Mustapha, eni mabwato awiri, analumbira. "Wallahi, ndikangomuona akudzionetsa pabwalo, ndikamukoka dzanja anthu akuona, ndipo zisudzo zake zithera pomwepo!"

Loweruka m'mawa, tsiku la sewero, Zuleka anafika kuseri kwa kalasi maso ali psuu.

"Mai Hasina, ndingosiya basi."

"Iwe, pukuta misozi, undinyowetsera ufa. Khala apa. Kwinya nkhope."

Atakwinya, mai Hasina anaima kaye, nthenga ili m'manja. Mizere ija ankaidziwa. Inali ya malemu Abiti Ayubu, mayi ake a Che Mustapha, amene thupi lawo mai Hasina analisambitsa ndi manja awo zaka zisanu zapitazo. Mtima unawapweteka ndithu. Anajambula mphini zitatu patsaya lililonse, anamata chipini pamphuno, anaika nsanza kumsana kuti uoneke wowerama, mpango n'kuumanga mopendekera kumanzere monga ankachitira malemuwo.

Masana bwalo la sukulu linadzaza. Che Mustapha anakhala kutsogolo kwenikweni, nkhope ili ndwii. Nkhalamba itatulukira ndi ndodo yake, ana anaseka, koma amayi achikulire anayamba kukodolana. "Si Abiti Ayubu awo?"

Che Mustapha anadzuka. A Augustine anagwira mutu, poganiza kuti basi, zagwa zatha. Koma bamboyo anangoima kukamwa kuli yasa, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuvula mzuli kumutu n'kupukutira m'maso. Sananyamukenso mpaka sewero linatha.

Che Mustapha anakawapeza kuseri mai Hasina atanyowetsa kale kansalu kosukutira nkhope ya Zuleka.

"Mwandichita chipongwe, achemwali."

"Chipongwe chanji, achimwene? Nkhopeyi ndi ya kwanu komwe. Ine ndangofulumizitsa zaka."

Zuleka anazolika, akudikira kukokedwa dzanja. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Musafufute kaye," anatero. "Amayi anapita osatisiyira chithunzi n'chimodzi chomwe."

Mai Hasina anabwezera kansalu m'beseni n'kupinda manja.

"Nanga Loweruka likubwerali mukasewera kuti?" anafunsa Che Mustapha.

"Kwa Maganga, ababa," Zuleka anayankha motsitsa mawu.

"Mundisungire malo kutsogolo."