Chilimwe Chimene Asiyatu Anatsala

Ndimakumbukirabe fumbi la choko m'zala za Asiyatu. Pasukulu yathu ya pulayimale, kufupi ndi Malindi, atsikana tinkakhala pansi chakuzenera, anyamata pamabenchi, ndipo samu ikavuta aphunzitsi ankangotambasula dzanja n'kumupatsa iye choko. Ankadzuka, kukonza mpango wake, n'kulemba mofulumira anyamata akung'ung'udza. Ine ndinali mwana wa mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, iye mwana wa Che Bwanali, telala wa pakhonde la sitolo. Chiyao ndinachiphunzira kwa iye tikukwecha mapoto ndi mchenga, tikusewera phada, tikutembenuza usipa wa amayi ake pathandala mpaka madiresi athu kununkha nsomba. Mayeso a Sitandade 8 tinalemba mwera ukuwomba, mapepala titawapsinja ndi timiyala.

Zotsatira zinabwera dzuwa litafika poswa mtengo, mango akadali osakhwima. Ahedi anawerenga mayina pabwalo, ndipo tonse awiri tinamveka. Ine ndinasankhidwa kusukulu yogonera ya atsikana okhaokha, kutali. Asiyatu, amene ankandiposa pa chilichonse, anasankhidwa kusekondale ya kuboma, yophunzira anyamata ndi atsikana pamodzi. Tinathamanga opanda nsapato pamchenga wotentha kukauza bambo ake. Iwo anaimitsa makina, napukusa mutu.

Che Bwanali sankadana ndi sukulu. Mwana wawo woyamba anamutumiza kusukulu yotereyi ya anyamata ndi atsikana, ndipo anabwerako ali Folomu 2, ali ndi pakati. Iye anachotsedwa, koma mnyamata amene anamupatsa pakatiyo anapitiriza mpaka kumaliza. Tsiku lomwe zotsatira zathu zinatuluka, Che Bwanali anabwera kwathu, navula kofiya, nauza bambo anga kuti, "Aphunzitsi, akanakhala wa kusukulu ya akazi okhaokha, ndikanagulitsa ngakhale makinawa. Koma pamene ndinagwa kale sindingapondenso."

Ine ndinapempha kuti tisinthane, poti bambo anga analibe nazo mantha. Abambo awiriwo anapalasa njinga mpaka kuofesi ya zamaphunziro kuboma. Anabwera ali ndi fumbi m'nsidze, atauzidwa kuti mndandanda wachokera kumwamba. Masiku amenewo mawu amenewa ankatseka pakamwa pa aliyense. Ukafunsa kawiri, ankayamba kukufunsa za khadi la chipani.

Yunifolomu yanga anasoka Che Bwanali omwewo, ndipo mabatani anaika Asiyatu. Ndinkapita kukayesa, iye atagwada, mapini ali pakamwa, akundiuza kuti ndiime mowongoka. Sanalire ine ndikuona. Tsiku lonyamuka anasenza sutikesi yanga mpaka pamsewu, nandipatsa kaphukusi ka usipa wokazinga. Basi itayamba kuyenda ndinamuona akusasa m'manja, ngati munthu amene wamaliza ntchito ya eni. Usipawo ndinalephera kudya.

Kusukulu kuja kunali bata lomwe sindinalidziwepo. Panalibe wotiseka tikalakwa, panalibe wotitsina m'njira. Koma samu iliyonse yovuta inkandipweteka pamtima, chifukwa ndinkadziwa amene akanaitha. Anandilembera makalata atatu, m'Chingerezi chokongola kuposa changa. Yachitatu inanena kuti wakwatiwa ndi wogulitsa nsomba wa ku Makanjira. Sindinayankhe msanga, posowa choti ndilembe, kenaka bambo anga anasamutsidwa.

Ndinakumana naye kamodzi kokha, patapita zaka zambiri, pa Monkey Bay, akudikira sitima ndi ana anayi. Anandizindikira iye poyamba. Titalonjerana anandikokera pambali, nafunsa motsitsa mawu, "Anzanga, masamu a kusekondale amakhala otani?" Ndinatsegula pakamwa, koma panatuluka misozi. Iye ndiye anayamba kunditonthoza.

Lero ndine mphunzitsi wopuma, ndipo ndaphunzitsapo m'sukulu za mitundu yonse iwiri. Anthu akamatsutsana kuti yabwino ndi iti, ndimangomvetsera. Che Bwanali sindiwada, ankateteza mwana wawo m'njira imene ankaidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti akuluakulu anali ndi zifukwa zawo, aofesi anali ndi malamulo awo, anyamata sanafunsidwe kanthu, ndipo amene analipira zonsezo anali mtsikana wanzeru kuposa tonse m'kalasi muja. Funso lake lija sindinaliyankhe mpaka lero.