Mboni ya Kuseri kwa Katani

Lachiwiri tinaika m'manda bambo aja tinkangowatchula kuti a Dalaivala.

Anabadwa wachinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu sanapite nayo patali, koma Misa ya m'mawa sankaiphonya. Atakwatira anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya thanki pa fakitale yofufuta zikopa. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankanyamula madzi onunkha a mankhwala n'kukakhuthula komwe kapitawo wawauza: mumtsinje, kumtunda kwa pomwe anthu amatunga.

Ana atayamba kutuluka zilonda, anthu anakasuma kukhoti. Loya wawo, mayi wachitsikana, anasowa mboni. A Dalaivala anapita okha ku ofesi yake.

"Bambo, mukudziwa chomwe mukuputa?" anafunsa loyayo. "Ineyo andiswera kale magalasi a galimoto."

"Kwa ansembe ndaulula kale, mwanangu. Kwatsala kwa woweruza."

Khoti linalamula kuti dzina lawo lisatchulidwe, ndipo anapereka umboni ali kuseri kwa katani. Koma mawu a munthu sabisika kwa amene wagwira naye ntchito. Sabata isanathe anachotsedwa ntchito. Wapolisi amene anaikidwa pakhomo pawo kuti aziwateteza anakhala masiku asanu ndi anayi, kenako sanaonekenso. Kutchalitchi, benchi lomwe a Dalaivala ankakhala linayamba kusowa anthu, pakuti ambiri a ife tinkadyera ku fakitale komweko. Inenso ndinasuntha.

Mlandu unatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Fakitale inalamulidwa kuleka kutaya mankhwala mumtsinje. Loya atabwera kudzawauza a Dalaivala, anawapeza akukonza mpando wothyoka. Anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kukhoma.

Akazi awo anawafunsapo ngati sankanong'oneza bondo. Iwo anati, "Amake ana, ndikanakhala chete, Ukalistia ndikanaulandira ndi pakamwa pati?"

Atakalamba ankasesa tchalitchi ndi kuperekeza odwala kuchipatala, ngakhale ena mwa ife amene tinkawazemba panjira. Nkhani ija sanaitchulenso kwa wina aliyense. Anamwalira masana, atadzozedwa mafuta, atagwira kolona, akazi awo ali pambali.

Titachoka kumanda ndinapita kwa mayiwo kukafunsa choti ndilembe m'kalata ya parishi ino. Ndinawapeza akupinda malaya a malemu. Sanalire, sanandiyang'anenso.

"Lembani kuti sananame," anatero. "Zinazo mukuzidziwa nokha."